Mayi Amene Sankaloledwa Kuphika Pamaliro

Mayi NyaLuhanga tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ana awo andipempha kuti ndilembe zomwe ndikukumbuka. Ndinawauza kuti ine ndimakhoma ndowa, sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Iwo akuti lembani basi, munayenda nawo nthawi yaitali. Ndiye ndalemba.

Dzina lawo loyamba linali Mariyoni. Pa Mhuju pano ochepa ankalitchula. Ankangoti NyaLuhanga, monga amaitanira amayi kuno, ndi chiwongo cha bambo awo. Koma pa iwo panali chifukwa china. Dzinalo anthu ankaliopa.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera kudzalima fodya ku Mwazisi, fodya atandikana ndinakhazikika pa Mhuju ndi nyundo yanga. Pamaliro oyamba amene ndinapita kuno ndinaona amayi onse ali pamoto. Mayi mmodzi, NyaLuhanga yemweyu, mphunzitsi, wovala bwino, anali patali akutsuka mbale. Atayandikira mphika kuti athire mchere, mayi wina anawalanda mcherewo mwaulemu, akuti pumulani amama, mwatopa chomene. Sanatope. Paukwati zinali chimodzimodzi. Pamsonkhano wa amayi a mpingo chimodzimodzi. Kuyimba ankawapatsa, kulemba ankawapatsa, mphika ayi.

Ndinafunsa, anandiuza.

Mariyoni woyamba anali mlongo wa bambo awo, azakhali awo, kuno amati ankhazi. Dzinalo analandira pa ubatizo, la mayi wina wa ku Sikotilandi amene ankaphunzitsa kusoka ku mishoni. Anakwatiwa kwa a Mkandawire. Chaka china cha njala, nthawi ya atsamunda, mwamuna wake anatsikira kunyanja kukasuma chinangwa. Anabwera ndi mtolo wake, anakhala pansi, mkazi anamupatsa phala. Anamwa, anayamba kusanza, dzuwa lisanalowe anamwalira. Abale anati mkazi wathira mankhwala m'phala. Anamulanda mwana wa m'manja, popeza kuno ana ndi a kuchimuna, n'kumuthamangitsa. Mpingo unamuimitsa. Anabwerera kwawo, sanakhalitse, anamwalira. Mlanduwo palibe anauweruza. Unangotsala pa dzina.

Patapita nthawi kwa a Luhanga kunabadwa mwana wamkazi. Ankalira osalekeza, bere ankakana. Kuchipatala anamuyeza, sanapeze kanthu. Akuluakulu anati mwanayu akulirira dzina, pali wina mwa akufa amene akufuna kutchulidwa. Mwambo wake amamunyamula mwana n'kumatchula mayina a akufa limodzilimodzi. Pamene watontholera, dzina lake ndi lomwelo. Bambo a mwanayo anali mphunzitsi ndiponso mkulu wa mpingo. Anakana, akuti zachikunja, n'kupita kusukulu. Amayi anachita mwambowo iwo kulibe. Anatchula agogo, anatchula azakhali akale, ngakhale amene anafa ali makanda. Mwana ali kulira. Dzina limodzi ankalidumpha, onse akudziwa. Bambo aja pobwera masana anawapeza akadali pamphasa. Anaima pakhomo, anamvetsera, anazindikira lomwe likudumphidwa. Anatenga mwanayo m'manja n'kunena kuti Mariyoni, mlongo wanga, ngati ndiwe khala chete. Mwana anagona.

Mayi NyaLuhanga pofotokoza zimenezi ankaseka. Ankati mwina anali atangotopa ndi kulira, akanatchula dzina la galu akanagonanso. Koma ankawonjezera kuti bambo awo sanachite mwangozi. Ndi iwo okha amene sanakhulupirire kuti mlongo wawo anapha munthu, ndipo analibe njira ina yonenera.

Anthu kuno amati wotenga dzina watenga ndi mtima wa mwini wake. Nkhani ya mphika inachokera pamenepo.

Chimene ambiri akuwakumbukira nacho ndi masewero a milandu. Nthawi ya chipani chimodzi ankangolemba tamasewero ta Khirisimasi ta ana asukulu. Kulemba kuti wapolisi wagwira munthu wolakwika kunali kudziitanira tsoka. Matipate itabwera pakamwa pa anthu panatseguka, Chitumbuka chinabwereranso pa wayilesi. Masiku amenewo kuchipatala kunali namwino wa ku Mangalande amene anali ndi matepi a masewero a milandu a pa kanema wa kwawo. Anawaitana kukaonera. Chingerezi chake chinali chothamanga, ena anatuluka. Iwo anakhala mpaka mayina a kumapeto, n'kufunsa kuti walemba ndani. Namwino anati mkazi, ndipo ndi ntchito yake yomwe amadyera. Anafunsanso kuti mkazi weniweni? Pobwerera kunyumba anali atayamba kale kupanga mlandu wawo m'mutu.

Ine anandipeza motere. Anabweretsa ndowa yodontha, anandimva ndikukalipira munthu.

"A Mbewe, mawu anuwa ndi a wakuba."

"Ine sindinabepo."

"Sindikunena manja. Ndikunena mawu. Mubwere Loweruka."

Ndinapita kuti ndikawakanire bwino. Ndinabwerako ndaba ng'ombe. Kuyambira pamenepo ndinaba fodya, ndinawotcha nkhokwe, ndinapha amalume anga, zonse m'masewero awo. Ana ankathawa akandiona pamsewu.

Sewero lililonse tinkayamba talichita pamsika, kuseri kwa shedi yanga. Iwo ankaima pambali, osayang'ana ife, kuyang'ana anthu. Pamene anthu ayamba kugula mtedza ankadziwa kuti pamenepo palakwika, n'kukalembanso. Likakhwima ankalitumiza ku wayilesi, ena m'Chichewa, ena m'Chitumbuka. Pansi ankalemba dzina lonse, Mariyoni Luhanga. Amuna awo, malemu, amene ankagwira ntchito kuchipatala, anawapempha kuti alembe la kubanja. Anakana. Anati dzina limene bambo awo analitchula ataima pakhomo iwo sangalibise m'thumba.

Sankalemba chinthu asanachiyese. Ankati womvera wayilesi si chitsiru, ali ndi mbuzi zake, akudziwa mmene zimalirira. Tsiku lina anafuna kudziwa ngati munthu angabe mbuzi panjinga osamveka. Anabwereka mbuzi, anaimangirira pa kaliyala, akuti palasani. Mbuzi inalira msewu wonse. Anyamata a pa siteji ya minibasi anandigwetsa, wina atatola kale mwala. Zinali zaka zimene anthu ankadziweruzira okha akuba. Mayiwo anafika akuthamanga, nsapato m'manja, anandilanditsa. Ndikupukuta magazi pachigongono, iwo akuti chabwino, ndiye kuti wakuba wathu agwiritse ntchito ngolo. Pepani sananene.

Anali ovuta, ndisaname. Kuyamikira sankadziwa. Ukachita bwino ankangoti sizinaipe. Pamaliro ankafunsa mafunso osayenera, anadya chiyani, anamupeza ndani, chitseko chinali chotseka kapena chotsegula. Anafunsanso kuchipatala za mankhwala ophera tizilombo ta fodya, mmene amaphera munthu. Nkhaniyo itamveka pamsika anthu anangoyang'anana, akuti mwaona, dzina lija.

Anakangana ndi akulu a mpingo amene anati masewerowo akuphunzitsa ana kuba. Anawayankha kuti wakuba safuna mphunzitsi, ofunika kuphunzira ndi amene amagwira akuba. Anakangana ndi mkulu wina wa ku wayilesi amene ankafuna kuti wopha munthu akhale mfiti, akuti anthu amakonda zimenezo. Anamulembera kuti ngati wakupha amauluka palichero ndiye palibe chofufuza, sewero lithere pomwe layambira.

Anakangananso ndi ine. Ndinawauza kuti masewero awo ali ndi chilema chimodzi: woyamba kunamiziridwa sakhala wolakwa. Anthu anali atazindikira. Wapolisi akangogwira munthu, pamsika ankakuwa kuti si ameneyo. Anandiyang'ana, anachoka, milungu ingapo osandipatsa moni. Pobwera anati ayesa kulemba lina loti woyambayo ndi wolakwadi, dzanja lakana. Sindinafunse chifukwa. Ndinkachidziwa.

Tsopano nkhani ya mayi wa usipa.

Linali tsiku la msika. Mayi NyaLuhanga ankagula usipa kwa mayi wina wa kunyanja, NyaMhango, ine ndili pafupi ndi ndowa zanga. Wina anamunong'oneza wogulitsayo kuti awa ndi amene amalemba masewero aja. NyaMhango anaomba m'manja.

"Mariyoni wa pa wayilesi ndinu, amama? Kwathu dzina lanu timalitchula tsiku ndi tsiku."

"Mumalitchula bwanji?"

"Munthu akakana kukhala pansi, akamafulumira, timati ukuthamangira kwa Mariyoni kodi? Ngakhale ana amanena."

"Zinayamba bwanji?"

NyaMhango anafotokoza akuseka, ngati nkhani yonyoza anthu akumtunda. Kunyanja amalima chinangwa chowawa. Chimenecho sadya chisanaviikidwe m'madzi masiku angapo, chimapha. Akumtunda, alimi a chimanga ndi mawere, ankangodziwa chotsekemera chotafuna chachiwisi. Chaka cha njala amuna awiri akumtunda, amene anangokumana panjira, anasuma chinangwa kwa makolo ake a NyaMhango. Anawauza kuti mukaviike kaye. Njala inawakulira, asanayambe kukwera phiri anayamba kutafuna. Mmodzi anagwa pomwepo, anamunyamulira m'nyumba, anasanza, anachira, anapita kwawo kutali. Winayo, mutu ukuzungulira kale, anamupempha kuti agone. Anakana. Anati Mariyoni ali ndi mwana, m'nyumba mulibe kanthu. Anasenza mtolo wake n'kukwera. Dzinalo linali lachilendo, linawakomera, linakhala mawu a pakhomo pawo. Mathero ake a munthuyo sanawamve.

NyaMhango anamaliza akuseka yekha. Mayi NyaLuhanga anali atakhala pansi pafumbi, ndi diresi yawo ya kusukulu. Sindinawaonepo atakhala pansi chotero.

Sanathamangire kuuza anthu. Anatsikira kunyanja ndi NyaMhango, anafunsa okalamba paokhapaokha, nkhani inali imodzi. Anafunsa kuchipatala mmene chinangwa chowawa chimaphera. Kenako anandisenzetsa thumba, tinakwera phiri lija wapansi, kuti aone ngati munthu wonyamuka m'mawa angafike dzuwa lisanalowe. Angafike. Miyendo yanga ikukumbukabe. Anavomera okha kuti kukhoti umboni wotere sungakwane. Koma khoti sankalifuna. Ankafuna munthu mmodzi.

Mwana wolandidwa uja anali moyo. A Yotamu Mkandawire, msuweni wawo, bambo waimvi, anali ndi golosale pa Njakwa. Anakula akuuzidwa kuti amayi ako anapha bambo ako. Pamanda a amayi awo sanapondepo. Kwa a Luhanga ngakhale madzi sankamwa. Tinapita awiri.

"Asuweni, ndabwera ndi nkhani ya amayi anu."

"Ine amayi ndilibe."

"Munabadwa kumtengo?"

"Inu ndi masewero anu. Mukufuna mundiike pa wayilesi?"

"Ndikufuna mumve inu. Wayilesi ilibe amayi."

"Yewo. Minibasi yanu iyo ikunyamuka."

Mpando sanatipatse.

Panjira anandiuza kuti alemba sewero. Ndinati mungowakwiyitsa. Alongo awo anatinso musadzutse zogona, tazolowera kale. Iwo anati munthu amene wakana kumva ndi makutu mwina angaone ndi maso. Analonjeza kuti lichitika kamodzi kokha, pa Mhuju, ndipo ku wayilesi silipita popanda chilolezo cha mwini nkhani. Anatumiza uthenga ku Njakwa wa tsiku lake. Yankho silinabwere.

NyaMhango anavomera kusewera ngati mayi wa pakhomo la kunyanja. Mayi NyaLuhanga, amene sankasewera konse, anatenga malo a azakhali awo. Ine anandipatsa mwamuna uja. Kanali koyamba kuti ndife ndili wosalakwa.

Tsikulo anthu anadzaza. Mayina sanasinthe, aliyense anadziwa nkhani yake. Titayamba ndinawaona a Mkandawire ataima kumbuyo, pafupi ndi siteji, chipewa kumutu, manja kumbuyo ngati akudikira galimoto. Ndinatafuna chinangwa changa, chotsekemera, ndinadzandira. NyaMhango anandigwira mkono kuti ndigone. Ndinanena mawu aja m'Chitumbuka changa chopindika: "Mariyoni wali na mwana, mu nyumba mulije kanthu." Masiku onse ndikayankhula Chitumbuka anthu ankaseka. Tsiku limenelo palibe anaseka.

Ndinafika, ndinamwa phala, ndinafa. Ndili chigonere pafumbi ndinamva abale akulalata. Mwana anali chitenje chokulungiza. Atayamba kukokerana chitenjecho ndi mayiwo, mawu anachokera kumbuyo.

"Lekani!"

Onse anaima. Ndinatsegula diso. A Mkandawire anadutsa pakati pa anthu, osayang'ana msuweni wawo, anaima pamaso pa NyaMhango.

"Mawu amenewo wakuphunzitsa ndi uyu?"

"Ayi adada. Ndinawapeza ndikubadwa. Tsikirani kwathu, funsani aliyense."

Anatembenuka, anakwera minibasi. Sewerolo silinathe, ndipo silinachitikenso.

Mvula inagwa, anthu anabzala, anapalira. Ku Njakwa kunali zii. Mayiwo anasiya kulemba. Loweruka ankangokhala pakhonde, makina awo olembera ataphimba nsalu. Ndinawauza kuti ndinanena. Anati inde munanena, khalani chete.

Nthawi yokolola, m'mawa wina, ndinali pa denga lawo ndikukonza lata. Ndinaona a Mkandawire akulowa pachipata. Pambuyo pake tinamva kuti anatsikiradi kunyanja okha, osauza munthu.

"Asuweni, ndanyamuka osadya. Ufa ulipo?"

"Tiyi alipo."

"Sindinanene tiyi. Ndikufuna phala."

Mayiwo analowa m'nyumba. Kenako anatulutsa mbaula panja, poonekera msewu, anaphika. Ufa wina unatayika. A Mkandawire anakhala pakhonde, anavula chipewa. Odutsa anachepetsa liwiro, ena anaima dala ngati akumanga nsapato. Bamboyo anamwa pang'onopang'ono mpaka mbale inayera.

"Mchere wachepa."

"Sindinazolowere kuphikira alendo."

Bamboyo anaika mbale pansi. Ine ndinaleka kukhoma.

"Mundibwereke khasu. Mukandionetse pamene anagona amayi."

Anapita awiri. Sindinawatsatire, si za ine.

Musaganize kuti zonse zinasintha tsiku limenelo. Amayi ena anafa akuwalandabe mchere. Koma pamaliro ena, amvula yotsatira, mayi wina wa kwa a Mkandawire anawapatsa mthiko pamaso pa onse. Zoona zake, kuphikira gulu sankadziwa, akanaphunzira kuti? Nyemba zinapserera. Anthu anadya, ena anawonjezera.

Za wayilesi a Mkandawire anakana. Anati amayi anga anazunzika mokwanira pakamwa pa anthu. Mayiwo anamvera. Sewero lawo lopambana onse dziko silinalimve, ndipo sanadandaulepo. Anavundukula makina aja, analembanso zaka zambiri mpaka maso atafooka. M'masewero a pambuyo pake woyamba kugwidwa nthawi zina ankakhala wolakwadi. Pamsika anasiya kukuwa, sankadziwanso za kutsogolo. Atsikana awiri amene anawaphunzitsa akulemba okha tsopano, wina ali ku Mzuzu. Onse amayesa kaye asanalembe. Mbuzi ndinawauza kuti asayese pa ine.

Asuweni awiriwo anakalamba akunyozana monga amachitira asuweni. Bamboyo ankabwera ndi shuga wa m'golosale, akuti ndabweretsa chifukwa kuphika kwanu kumafuna chithandizo. Mayiwo ankati mukadwala musanene ine. Bamboyo ndiye anatsogola kumwalira. Asanamwalire, mwana wawo wamwamuna anabereka mtsikana, ndipo kuno dzina amapereka ndi agogo a kuchimuna. Mwanayo sanalire usiku ndi usana, panalibe chokakamiza. A Mkandawire anamunyamula n'kutchula dzina la amayi awo.

Mayi NyaLuhanga anadwala pang'ono, anapita mwakachetechete, zosafanana nawo.

Nyumba yawo ili panjira yanga yopita kushedi. Ana anatseka mawindo, makina olembera anatenga. Pakhonde patsala mpando wa nsungwi umene palibe anaufuna, mwendo umodzi womangidwa ndi waya wanga. Pasimenti pali mabala pamene tebulo linkaima. Masamba a mango aunjikana pangodya, nkhuku za oyandikana nazo zimagona pamenepo masana. Loweruka kuseri kwa shedi kuli ogulitsa makala.

Mpongozi wa a Mkandawire amagulitsa tomato tsidya la msewu, moyang'anana ndi nyumbayo. Mtsikana wake ndi wosamva, amathawira kumipanda ya eni. Dzulo ndikudutsa ndinamva mayiyo akukuwa ndi mawu onse, msika wonse ukumva: "Mariyoni! Iwe Mariyoni, bwera kuno udzaone mphikawu!" Palibe anatembenuka, palibe anayang'ana mnzake. Ndine ndekha amene ndinayang'ana pakhonde. Panali mpando ndi nkhuku.